Eya wa Mkamwini Wanga Blackson

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani yotibweretsera timahediseti ta m'makutu,
kulikonse kumene mumakhala.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kuulula kuti sabata ino tulo tandithawa, ndipo udzudzu ulibe mlandu. Ine ndine Basil, Mkhristu wa Anglican kuno ku Malindi, malume ake a Esime. Ukwati wa Esime ndi Blackson, mnyamata woyendetsa kabaza wa njinga yamoto ku boma, walengezedwa kale kawiri m'tchalitchi. Lamulungu likudzali ndi kachitatu, pamene ansembe adzafunse komaliza ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwu. Kaya chifukwacho ndili nacho kaya ndilibe, wodziwa ndinu.

Ndisanadandaule ndithokoze. Kale tinali ndi mtundu umodzi wokha, wa zingwe uja, woti munthu umamuonera patali n'kusunga moni wako. Lero mwatidalitsa. Pa benchi ya Abudu mumsika wa Mangochi pali tonga nyemba, tokoleka ngati mbedza, toyera, tobiriwira, ndi tina takuda tomwe timabisala ngati nkhupakupa m'khutu la galu. Ulendo wa ku Makanjira udakali wothyola msana, koma makutu athu afika kale pa chitukuko. Ambuye akuonjezereni.

Tsono timadandaulo tanga, ine munthu wa Fomu 4 chabe, ndi iti.

1. Loweruka lina masana Blackson anabwera ndi ankhoswe ake, ndipo ndinamulangiza kwa ola ndi theka. Anavula chipewa, anaweramitsa mutu, akugwedeza pamalo oyenera. Nditafika pa mfundo yaikulu, yakuti asadzamusiye Esime n'kupita ku Joni monga anachitira amuna a achemwali awiri a Esime, amene mpaka lero timangowaona pa foni, mnyamata anakunga chibakera n'kunena eya wamphamvu, misozi ili lengelenge. Ndinathamangira kwa ansembe kukachitira umboni kuti mkamwini wotere sindinamuonepo. Lamulungu lapitali tikudya, ndinamuona akuzula kanthu kakuda m'khutu n'kukagoneka m'kabokosi. Ndafufuza, Bwana. Loweruka lija, nthawi yomwe ija, timu yake inagoletsa chigoli.

2. Abudu wandiphunzitsa kuti mitundu ina imalola mawu a kunja kulowa, ina imatseka phokoso lonse. Nzeru zimenezi ndazigwadira. Koma anauza makina anu ndani kuti malangizo a malume ndi phokoso? Blackson akulumbira kuti anamva zonse. Nditamupempha abwereze, anatchula za kulemekeza apongozi ndi kusamenya mkazi, zimene malume aliyense amanena kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku malire. Za Joni sanatchuleko. Ndinayang'ana pa kabokosi kake kuti mwina mwalembapo mtundu wake, koma zilembo zake ngakhale aphunzitsi athu a sekondale anangozitembenuza chadodolido n'kundibwezera.

3. Apa ndiye pondivuta kulemba. Pofuna chilungamo ndinabwereka kwa Abudu timahediseti tofanana ndi ta Blackson kuti ndiyese ndekha. Ndinativala pakhonde, ndinaika nyimbo za kwaya, mayi a kunyumba, a Ruth, akundiyankhula. Mulungu andikhululukire, ndinamva mtendere umene sindinaumvepo zaka makumi atatu za ukwati. Milomo yawo ndimaiona ikuyenda, ine n'kumagwedeza mutu mwaulemu. Lero akuti ndinavomera kuti akulu awo a ku Namwera, amene ine ndi iwo sitimwerana madzi, adzakhale nafe mpaka mvula itatha, pamodzi ndi mbuzi zawo zisanu ndi imodzi. A Dinala oyandikana nafe akuti anaona ndi maso awo, ndinagwedeza katatu. Ndipo kuyesako sikunandithandize, chifukwa Abudu tsopano akuti tanga tinali orijino, ta Blackson ndi feki, ndipo feki nthawi zina amadontha, mawu a kunja n'kumalowa.

Onani tsono pamene mwandiimika. Ndikanena kuti munthu wovala katundu wanu akagwedeza mutu walonjeza, Esime wapeza mwamuna wokhala pakhomo, koma mbuzi zikubwera. Ndikanena kuti si lonjezo, ine ndapulumuka, koma ndiyenera kuimirira pamaso pa mpingo wonse kuimitsa ukwati wa mwana wa mlongo wanga, kwaya itaphunzira kale nyimbo. Ndapemphera, ndipo ndi manyazi ndikuvomera kuti mtima wanga ukupendekera kokana mbuzi. Malume wotani ine?

Chonde Bwana, mwa ulemu wonse, mundiyankhe pasanafike Lachisanu, molemba, ndi chidindo. Mungonena ngati mawu a munthu wamkulu amadutsa mu takuda tating'ono tija kapena ayi. Ngati mwatanganidwa ndi kupanga mtundu wina watsopano, sindikudandaula. Bwerani Lamulungu, mapemphero amayamba 8 koloko, malo ndikusungirani kutsogolo. Ansembe akafunsa, mudzaimirire ndinu, pakuti m'khutu la mkamwini wanga munalowamo ine ndisanalowemo.

Ine wanu wodzichepetsa ndi wochimwa,

Basil,
malume ake a Esime,
Malindi.