Njinga Yosayenda ya a Dokotala Sitali

Basi imeneyi siibwela msanga, akuti yafela ku Kacholola, ndiye tsitsani katunduyo mukhale pansi. Ndikuuzeni za a Dokotala Kalaluka Sitali, munthu amene anachoka ku Lusaka kubwela kuno kudzaphunzitsa nkhalamba za kwa Ndake kukalamba.

A Sitali anali Mlozi wa ku Mongu. Boma linawatumiza kunja, kudziko lozizila kumene anthu amapuma utsi, ndipo atatha zaka zisanu ndi ziwili anabwelako ali dokotala. Koma tamvelani, sanali dokotala wa jekeseni ayi. Ukawauza kuti mutu ukukuwawa, ankakufunsa kuti umapuma kangati pa mphindi. Maphunzilo awo anali a thukuta: mmene mtima umagundila munthu akamathamanga, mmene minofu imakokela, ndi mmene zonsezi zimafookela munthu akamakalamba. Ku Lusaka ankaphunzitsa manesi ndi othandiza madokotala, ndipo anaphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi osakwezedwa. Mnzawo amene anayamba naye tsiku limodzi anakhala pulofesa chifukwa chowelenga nkhupakupa za ng'ombe. Akuluakulu anawauza poyela kuti ngati akufuna mpando, asiye kulemba za azungu otsetseleka pachipale chofewa, apite kumudzi akapime anthu athu.

Ndiye mu Okutobala wa 1978, dzuwa likuswa mtengo, anatulukila ku Petauke pa Landilova. Zaka makumi anayi ndi zinayi, kamimba ngati mtsuko, wotchi yopimila nthawi ili lende pakhosi. Kumbuyo kwa galimoto anamangilila njinga. Inu, njinga yake! Gudumu limodzi lokha, miyendo yachitsulo yoima pansi, ndi lamba amene ukamumanga kupalasa kumalimba ngati ukukwela phili. Upalase tsiku lonse, ukatsika uli pomwe unakwelela.

Chinyanja chawo chinali chogulila tomato, Chinsenga ndiye ngakhale moni, choncho a Boma anawapatsa Sista Josephine kuti aziwamasulila. Amenewa anali nesi wamkulu, Mnsenga, wotsala chaka chimodzi kupuma pantchito, mayi amene anabeleketsa theka la Petauke. Anaiyang'ana njingayo, nayang'ana kamimba ka mwini wake.

M'mawa mwake a Dokotala anaganiza zopeleka chitsanzo kwa anthu. Anavala kabudula woyela ndi nsapato za mphila, nayamba kuthamanga kuchokela kunyumba ya alendo kuloza kumsika. Sista Josephine anali atawachenjeza kuti kuno munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa, koma safunsa anadya phula. Kumbukilani kuti masiku amenewo ndege za ku Rodeshiya zinkaphulitsa mabomba m'dziko muno, wailesi inali kunena tsiku ndi tsiku. Amayi ogulitsa nsomba ataona bwana wa ku Lusaka akubwela wefuwefu, maso ali tong'o, anati uyu wamva kanthu. Msika wonse unabalalika. Mbuzi, madengu, telala ndi makina ake. Ndipo onse anathawila mbali yomwe a Dokotala ankapita, ndipo onse anawapitilila, mpaka mayi wina wobeleka mwana, lichelo la tomato lili pamutu, amene powadutsa anawalimbikitsa kuti alimbe mtima, thengo lili pafupi.

Anthu atabwelela, a tcheyamani a Chipani anawaitanitsa a Dokotala, amene anali chigwilile mtengo wa magetsi. Anawafunsa chimene chinkawathamangitsa. Iwo anati palibe, ankangolimbitsa thupi. A tcheyamani analemba m'buku kuti munthuyu wavomela yekha kuti palibe chimene chinkamuthamangitsa, nawauza kuti tsiku lina akafuna kuthamanga m'boma la Petauke ayambe atenga kalata ku ofesi.

Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ka a Sitali kanali kakuthwadi, koma kometela mazila.

Tsiku lachitatu anadutsa Nyimba nalowa kwa Ndake. Kumeneko a nthambi ya Chipani anali atasonkhanitsa nkhalamba makumi atatu pansi pa mtengo wa mango. Vuto loyamba linali zaka. Wina anati anabadwa chaka cha dzombe. Wina anati nkhondo ya Jelemani itayamba anali ataguluka kale mano a kutsogolo. Amai Rabecca, kamayi kouma ngati chikuni, anati iwo ndi aakulu kwa mango omwewo. A Dokotala ankangoyang'ana makwinya n'kulemba nambala imene yawabwelela.

Chimene sanadziwe n'chakuti mbili inali itawatsogolela. M'mudzimo munali ntchito yodzithandiza youmba njelwa za sukulu, ndipo kunamveka kuti dokotala wabwela kudzaona ofooka, amene akapezeka sadzapondanso dothi. Ndiye kupima kutayamba, munthu ukanalila. Amai Rabecca anachita kunyamulidwa ndi anthu awili kuti afike pachishalo, napalasa kamodzi ndi theka, n'kuyamba kutsanzika abale. Wotsatila anatsokomola asanakhudze n'komwe njingayo. Ndiye panali a Vitalis Njobvu, mdala wamtali wa imvi mbuu, amene anakhala mesenjala wa Boma zaka makumi atatu, kupalasa njinga pakati pa Petauke ndi Nyimba atanyamula makalata a DC. Amenewa anafunsa mwaulemu kuti phazi amaika pati.

A Dokotala anasangalala ngati mwana wapeza ngumbi. Manambala onse ankatsika bwinobwino monga mmene mabuku awo amanenela, mwinanso kuposa. Anauza Sista Josephine kuti upulofesa uja wapsa, watsala kuphula, ndipo kuti dziko lonse lidziwa kuti Mnsenga akafika zaka makumi asanu ndi limodzi amakhala malilo oyenda. Kenaka anatulutsa kathumba ka shuga, nathila masipuni anayi mu tiyi, anthu onse akuona. Inu, 1978, shuga! Anthu ena anali ndi chaka osamulawa.

Mawu a malilo oyenda aja anawalasa Sista Josephine, pakuti pakati pa nkhalambazo panali amalume awo, amene sabata lomwelo anali atagwetsa mtengo wa mubanga okha. Sista sanakangane nawo a Dokotala. Anangopita pachitsime kukasamba m'manja, nanena kwa amayi otunga madzi, ngati akulankhula za mvula, kuti iwo pa unesi wawo wonse sanaonepo boma likupatsa shuga anthu odwala. Shuga ndi wa amphamvu.

Kutacha, a Dokotala anati abweleze kupima kuti atsimikize. Anapeza nkhalamba zili pamzele, zikukankhana. Amai Rabecca anakwinya chitenje, nadumphila pachishalo okha, napalasa mpaka gudumu linayamba kulila ngati chigayo. Amalume a sista anapalasa akusuta fodya. A Njobvu atakwela, a Dokotala anamanga lamba mpaka pomalizila, phili limene ngakhale asilikali a kudziko lozizila lija ankatsikapo patatha mphindi zisanu. A Njobvu anapalasa ola lathunthu akusimba za DC wina amene ankaopa abuluzi. Lamba anayamba kununkha, kenaka kufuka utsi, kenaka phwa, kuduka.

"Bambo," anatelo a Njobvu akutsika, "njinga yanu ndi yabwino, koma ikanakhala ya Boma tikanafika pa Nyimba kalekale. Nanga shuga tilandilila kuti?"

A Dokotala anayang'ana mapepala a mailo, ndiye kuti a dzulo, nayang'ana a lelo. Anthu omwewo, maina omwewo, koma usiku umodzi wokha unawachotsela zaka makumi anayi aliyense. Anaganiza mofulumila monga munthu wophunzila, nalengeza kuti lelo makina anali olakwika, manambala oona ndi a mailo. Za shuga anati sakuzidziwa. Anakweza njinga pa Landilova nauza dalaivala kuti aponde moto, dzuwa lili paliwombo.

Landilova inayenda mamailosi atatu, nifika pamtsinje wouma, nimila mumchenga, nitsokomola kawili, basi. Dalaivala anatsegula kutsogolo, nayang'anamo nthawi yaitali, nanena kuti chitsulo chimene chafa chimapezeka ku Chipata. Sista Josephine anati kutsogolo kuli kakiliniki kamene kali ndi wailesi ya mauthenga, mamailosi asanu ndi limodzi. A Dokotala anati zimenezo si kanthu, kuyenda ndi mankhwala, iwo analembapo mutu wathunthu. Chovuta chinali njinga, pakuti inali katundu wa yunivesiti ndipo anaisainila okha. Anayesa kuinyamula, nimangowayang'ana.

Ali mkati mokoka, anamva nyimbo kumbuyo. Nkhalamba zija. Zinagwilizana kuti shuga ayenela kuti ali ku Nyimba, ndipo dokotala wathawa kuti akadye yekha, choncho zinamutsata wapansi, a Njobvu ali patsogolo kukankha njinga yawo yakale ya umesenjala. Palibe anakwiya. Amai Rabecca anangopota nkhata, anthu awili anawasenzetsa chinjinga chija, nauyamba ulendo, gudumu likuzungulila lokha pamwamba pa mutu wawo.

Mailo yoyamba a Dokotala anayenda patsogolo, akufotokoza kapumidwe koyenela: kukoka ndi mphuno, kutulutsa ndi pakamwa. Yachiwili anali pakati, atasiya kufotokoza. Yachitatu anali kumbuyo, akukoka ndi mphuno, pakamwa ndi makutu omwe. Pamenepo njila inakwela kachitunda, kachitunda koti mbuzi yapakati imakwela ikudya. A Dokotala anafika pakati pake, miyendo inakana, dziko linazungulila, nakhala pansi mwaulemu, kenaka anagona chagada pafumbi.

Sista Josephine anawamasula kolala, nawathila madzi kumaso. Kenaka anavula wotchi ija pakhosi pawo, nagwila pamkono, nawelenga kugunda kwa mtima monga mmene a Dokotala ankachitila ndi nkhalamba: atangogwa, patapita mphindi imodzi, patapita mphindi zisanu. Analemba pa khadi limodzi la makhadi awo omwe. Malo a dzina anasiya, kuopa kuchititsa manyazi munthu wa boma. A Njobvu anawakweza pakaliyala, nawamanga ndi chitenje m'chiuno kuti asagwe, nawauza kuti asaope, iwo ananyamulapo nkhumba yaikulu kuposa pamenepa. Anapalasa mamailosi atatu otsalawo, chitunda ndi mchenga womwe, gulu lonse likubwela pambuyo ndi nyimbo.

Pakiliniki paja wothandiza dokotala anali a Fabian Daka, bambo wa ndevu zake, amene kale anaphunzitsidwa ndi a Sitali omwewa ku Lusaka. A Sitali anawalepheletsa kawili pa phunzilo limodzi, la tebulo la manambala limene anapanga okha, loti ukadziwa mmene mtima ukubwelela m'malo munthu akatopa, umadziwa zaka zake popanda kumufunsa. A Daka analiloweza tebulolo ndi misozi, ndipo analikhoma pakhoma pafupi ndi chithunzi cha mtsogoleli wa dziko. Sista atalowa n'kuwapatsa khadi, iwo anayendetsa chala patebulopo, natuluka pakhonde pamene panali nkhalamba makumi atatu zikupuma.

"Agogo a zaka makumi asanu ndi atatu mphambu chimodzi ndi ati? Alowe msanga, mtima wawo suli bwino."

Nkhalamba zinayang'anana. Kenaka zonse pamodzi zinatembenukila pabenchi pamene panagona munthu wa chitenje m'chiuno. A Daka anayandikila, nawazindikila, navula chipewa.

A Dokotala anadzuka pang'ono ndi chigongono. Anati zimenezo ndi zamisala, iwo ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo anafunsa kuti ndi mbuli iti imene inaphunzitsa a Daka kupima zaka za munthu mwanjila yopusa chotelo.

"Ndinu, a Dokotala. Tebulo lanu lija. Munati silinalakwepo ndipo silidzalakwa." A Daka anatulutsa cholembela. "Koma ngati lalakwa, nenani ndilembe mu lipoti la mwezi uno, lipite ku Lusaka kuti anzathu onse alichotse pamakoma. Apo ayi ndilembe zimene tebulo lanena. Ndilembe ziti?"

Amai Rabecca anali chiimile, chinjinga chikadali pamutu, kudikila kuti wina awauze potula. A Dokotala anayang'ana kudenga. Tebulo limenelo ndilo linali m'makiliniki onse kuyambila ku Livingstone mpaka ku Mbala, ndilo lokha limene dzina lawo linkadziwika nalo, ndipo linali tsamba loyamba la kalata yawo yopempha upulofesa. Anagonanso pabenchi bwinobwino, napinda manja pachifuwa.

"Lembani makumi asanu ndi atatu mphambu chimodzi," anatelo ndi mawu otsika.

A Njobvu anagwedeza mutu mwachisoni, nauza anzawo kuti za shuga aziiwale. Si bwino kuvutitsa munthu wamkulu kuposa iwo onse.