Bwana, Kaloboti Kanu Kandikwirira ndi Mchenga

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mchenga Pompopompo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera, kuti kalata yopita kwa munthu ngati inu isanunkhe girisi. Ine ndine wokonza njinga wa nyumba yachitatu kuchokera pa mpope, ija madalaivala anu aikonda kwambiri masiku ano. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ife kuno tilipo, kungoti sitikuoneka bwinobwino chifukwa mchenga wafika m'mawindo.

Ndiyambe ndi chiyambi. Apongozi anga akalamba, ndiye ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zowamangira kachipinda kuseri. Mmisiri anati pakufunika lole imodzi ya mchenga. Imodzi, Bwana, ngati mphuno. Nditafika ku ofesi kwanu, mlonda anandilozera chikwangwani chonena kuti masiku ano simulankhulanso ndi anthu, aliyense azilembera kaloboti kanu ka pa foni kotchedwa Achangu. Ndinalemba. Achangu anandiyalira manambala: 1 kuitanitsa mchenga, 2 kufunsa pamene lole yafika, 3 kuletsa, 4 kusintha malo okatsitsira, 0 kulankhula ndi munthu. Ndinadina 1, ndinafotokoza pamene ndimakhala, ndipo iwo anati, "Talandira, zikomo."

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ine anandilera ndi bambo amene ankati munthu akakuthokoza sukhala duu ngati chitsa. Ndinayankha kuti, "Zikomo ndinu achimwene, ntchito yabwino." Achangu anati, "Talandira, zikomo." Mtima wanga unachita kuti myaa, kampani yaikulu chonchi kulandira mawu a wokonza njinga! Ndinawafunira tsiku labwino. Talandira, zikomo. Ndinapereka moni kwa mayi ndi ana. Talandira, zikomo. Tinakankhirana ulemu ngati anthu awiri okumana pa khomo lopapatiza, aliyense akuti yambani ndinu, mpaka foni inatha moto. Nditawerenga pambuyo pake, mauthenga anga aulemu anakwana khumi ndi atatu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine sindinabwere kudzadandaula. Ndabwera kudzathokoza, ndipo poti inu mumamva manambala okha, ndathokoza mwa manambala.

1. Ndikuthokoza chifukwa Achangu sataya kanthu. Lole yoyamba itatsitsa, ndinaomba m'manja. Yachiwiri ndinati mwina ndi basera. Yachisanu itafika ndinaima pa geti nditatambasula manja, ndipo dalaivala wanu, amene anzake amamutcha Mabuleki, anatsika n'kundionetsa pepala. "Madala," anatero, "kameneka sikadziwa moni. Mukalemba chilichonse chosakhala nambala, iko kamangobwereza zomwe munagula komaliza. Moni wanu uliwonse ndi lole. Apa alemba khumi ndi anayi." Ndinamupempha kuti abwerere nawo. Anati iye anamulemba ntchito yotsitsa, yokweza ndi ya ena, ndipo anandipempha ndisunthe pang'ono kuti angandikwirire nsapato.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha nambala 3, yoletsa ija. Ukaidina, Achangu amafuna nambala ya katundu wako, ya manambala khumi ndi awiri, ndipo amakupatsa mphindi imodzi. Bwana, ine ndimalemba ndi chala chimodzi, chomwenso masipoko anachibaya kambirimbiri, magalasi ali pa nsonga ya mphuno. Ndikafika pa nambala yachisanu ndi chiwiri, iwo amati, "Mwachedwa, tiyambirenso." Tsiku lina atatero ndinaiwala malangizo a Mabuleki n'kulemba kuti, "Pepani." Talandira, zikomo. Apo ndiye magazi anawira, ndinalemba mawu amene sindingawabwereze pamaso panu, okhudza Achangu ndi amene anawabereka. Talandira, zikomo. Ndinagoma, Bwana. Kwa inu wodalitsa ndi wotukwana onse ndi ana anu, aliyense mumamupatsa lole yake. Tsopano pepala la Mabuleki likuti khumi ndi asanu ndi limodzi.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha nambala 0, yolankhula ndi munthu. Nthawi zonse Achangu amati anthu anu onse atanganidwa. Sindikutsutsa, ndikudziwa chimene atanganidwa nacho: akukweza mchenga wanga. Ndinabwereranso ku ofesi, n'kumuzemba mlonda akumwa tiyi. Mayi wa pa kauntala anandimvera mpaka kumapeto, anapukusa mutu, kenako anatulutsa foni yake n'kuyamba kulembera Achangu omwewo. Ndinamufunsa ngati kulibe khomo lina. "Bambo," anandinong'oneza, "inu mwina muli ndi bwalo. Ine ndimakhala nyumba ya pamwamba, ndipo kwathu kuli malole awiri." Tinatsanzikana ngati anthu ochokera ku maliro amodzi.

4. Ndikuthokoza chifukwa mwanditchukitsa. Zaka makumi awiri ndakonza njinga mumsewu uno popanda wondidziwa dzina, lero makondakitala a minibasi akuitanira kuti "Pa Phiri, otsika pa Phiri!" Amphaka a dera lonse apeza chimbudzi cha ulere, ndipo amabwera ndi abale awo. Makasitomala anga amayamba akwera chitunda atasenza njinga, akatsetserekera kwa ine amakhala atathyola china chomwe sichinali chothyoka, ndiye apa pokha ndivomere kuti bizinesi mwaikweza. Apongozi nawo anabwera kudzaona pamene pafika kachipinda kawo. Anaima pa geti, anayang'ana m'mwamba, n'kunena kuti, "Apongozi, ine ndinamva za kachipinda. Ngati mwaganiza zondikwirira, dikirani ndiyambe ndatsikira kuli chete." Anakwera minibasi yomweyo imene inawabweretsa.

5. Apa ndiye cholembera chikulemera. Mayi a kunyumba ndi telala. Makina awo amakhala pa windo la kum'mawa, pamene kuwala kumawathandiza kulowetsa ulusi pa singano, poti maso ayamba kutopa. Lole yachisanu ndi chinayi inatseka windo limenelo. Mchenga unalowa m'makina, mu shuga, m'mabulangete, mpaka m'mpendero wa diresi la kasitomala wawo wokangana kwambiri. Yakhumi ndi chimodzi itatsitsa, iwo anakweza makina pa wilibala n'kuima pakhomo. "Bambo a ana," anatero, "khalani ndi Achangu anuwo, poti ndi amene mumawayankha. Ine zaka zonsezi ndikakuitanani mumangoti 'mm' mutu uli mu tcheni. Ndili kwa mng'ono wanga. Ndidzabwera tsiku limene windo langa lidzaonenso dzuwa."

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chichokereni iwo. M'mawa uliwonse ndimagwira fosholo n'kuchotsa mchenga pa windo lija, ndi ndowa, poti wilibala inapita ndi eni ake. Dzana, galasi litangoyamba kuoneka, ndinamva hutala ya Mabuleki atabwera ndi lole yakhumi ndi chiwiri. M'nyumba muli zii. Phokoso la makina lija ndinkati limandisokoneza wailesi, lero ndimadzipeza ndikulimvetsera pamene palibe. Ndawasowa akazi anga, Bwana, ndipo malole anayi akadali m'njira.

Za ndalama sinditchula, kalata ino ndi yaulemu.

Pempho langa ndi laling'ono ngati mchenga umodzi. Ngati kungatheke, mwa nzeru zanu zakuya, aphunzitseni Achangu kusiyanitsa moni ndi lole. Ngati maphunziro amenewo ndi a ku yunivesite, aphunzitseni liwu limodzi lokha lakuti "basi," limene ngakhale galu wanga amalimva. Ndipo malole anayi otsalawo muwaimitse lisanafike Lachisanu, chifukwa mng'ono wa akazi anga wayamba kale kufunsa mmisiri za shelefu yokhazikapo makinawo kwawoko.

Koma ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, ndipo sindikufuna kukulemetsani. Nkhani yabwino ndi yakuti dzulo ndinayesa nambala 4, yosintha malo okatsitsira, ndipo ndakondwa kukudziwitsani kuti imeneyo ikugwira ntchito bwino kwambiri. Sifunsa nambala ya katundu, sithamangitsa munthu, chala chimodzi chimakwanira. Mabuleki akuti geti la kunyumba kwanu akulidziwa, lobiriwira lija lokhala ndi maluwa m'mbali, ndipo akuti lole imatembenuka bwino pa kapinga wanu. Choncho likadzafika Lachisanu muli chete, ndidzamva kuti mwandilola kugawana nanu madalitso amenewa. Ndidzalemba keyala yanu mosamala, kenako ndidzachita zimene bambo anga anandiphunzitsa. Ndidzakuthokozani m'mawa, ndidzakuthokozani masana, madzulo ndidzapereka moni kwa mayi ndi ana, aliyense payekhapayekha.

Ine wanu wosatopa kuthokoza,

Wokonza njinga,
Kuseri kwa Phiri.