Bambo Anga pa Tsamba la Kumbuyo

Nkhani iyi ku Nsaru amaikamba ine ndikangotembenuka, ndiye bola ndiinene ndekha anthu asanaithire mchere wambiri. Ndi yamanyazi. Mukafuna kuseka sekani, koma mudziwe kuti nthawi imeneyo n'kuti bambo anga atangotha milungu iwiri m'manda, ndipo mutu wanga sunkayenda bwino.

Bambo anga, a Lusiyano, anali ndi chigayo cha dizilo pafupi ndi msika. Chigayo chimenecho ndiye chinatilera, ndipo ndicho amayi amadalira mpaka lero. Ine sukulu ndinalekera Fomu 1, ntchito yanga inali kuthira chimanga ndi kukung'untha matumba.

Tsiku la maliro, thupi lisanachoke n'komwe pakhomo, a Sitefano, ang'ono awo a bambo, anapita kuchigayo n'kukhoma loko wamkulu, makiyi n'kuponya m'thumba la jekete. Ndinawaona ndi maso angawa. Tonse timadziwa zimene zimachitika mwamuna akamwalira: achibale ake amabwera ndi misozi, pobwerera anyamula malata. Kumanda ndinalankhula popanda wondipempha.

"Chigayo chija sichigulitsidwa! Amene akuganiza zimenezo ayambe wandikwirira ine!"

Amuna awiri anandikhazika pansi.

Masiku amenewo ndinkakwiyira aliyense amene ankapuma. Amene anadya kwambiri pamaliro, amene sanabwere, kwaya imene inaimba mothamanga ngati ikuthawa mvula. Ndinkaona kuti bambo aiwalika msanga, ndipo ndinaganiza zowachitira chinthu chimene wina aliyense sanachiganize.

Pali nyuzi ya anthu a zigayo, dzina lake Lamba ndi Sefa. Inayamba ndili mwana, ili kapepala kamodzi ka fotokope. Mwini wake, a Jere, ankabwera nako okha pa njinga yamoto yofuka utsi. Bambo ankawapatsa mpando ndi mtedza wophika, n'kumawauza kumene kukupezeka masefa olimba ndi amene akugulitsa malamba achinyengo. Zaka zikupita, kapepala kaja kanasanduka buku la zithunzi zamitundu. A Jere anasiya kubwera, bukulo linkangofikira pa shopu ya feteleza.

Bambo ankaliyambira kumbuyo, nthawi zonse. Ine sindinaliwerengepo, tizilembo ting'onoting'ono timandipweteketsa mutu, koma ndinkaonera patali. Tsamba lomaliza linali ndi timabokosi, m'kabokosi kalikonse muli munthu ataima pambali pa chigayo chake. Bambo ankayang'anitsitsa n'kupukusa mutu.

"Aaa, a Gondwe a ku Kasiya nawonso? Munthu wolimbikira uja! Mayo ine, tikutha."

Tsono inuyo mukanaganiza chiyani? Ine ndinatsimikiza kuti limenelo ndi tsamba la maliro, pamene eni zigayo amalirana okhaokha. Kuti nditsegule lina ndione bwino sizikanatheka, mulu wonse unali m'kachipinda ka kuchigayo, kuseri kwa loko wa a Sitefano.

Ndinatenga chithunzi cha bambo atavala ovolosi, dzanja lili pa injini, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe osauza munthu.

Ndinkayembekeza kupeza a Jere ndi njinga yawo ija. Ndinapeza nyumba yosanja, chitseko chagalasi, mlonda wa yunifolomu. Pakhoma anapachika nyuzi zawo zonse: ya ogulitsa mbewu ndi feteleza, ya mabutchala, ya owotcherera zitsulo, ya oweta nkhuku, mpaka ya okhoma mabokosi a maliro. Makompyuta mbwee! Mtima unayamba kuwira. Zonsezi zinamera pa mtedza wa bambo anga, koma pamaliro sanatumize ngakhale mlondayo.

"Takulandirani, bambo. Tikuthandizeni?" anatero mtsikana wa pa risepushoni.

"Ndikufuna a Jere."

"Bwana ali mu miting'i. Muli ndi appointment?"

"Appointment? Mtedza wa bambo anga ankadya ndi appointment?"

Mtsikana anaphethira kawiri. Ndinaika chithunzi pa tebulo.

"Awa ndi bambo anga. Amwalira. Ndikufuna atuluke pa tsamba la kumbuyo la Lamba ndi Sefa."

"Pepani kwambiri. Koma bambo, tsamba la kumbuyo ndi la anthu amene akufuna..."

"Ndikulidziwa! Bambo anga analiwerenga inu musanabadwe. A Gondwe anatulukapo, bambo anga achepa pati?"

"Ayi, sikuti achepa. Kungoti nkhani ngati imeneyi mukanakambirana kaye ndi akubanja."

Apo ndiye anandiponda pachilonda.

"Akubanja ati? Akhwangwala aja? Mwana woyamba ndine! Lembani!"

Anayang'ana mlonda, mlonda anayang'ana kudenga, iye n'kukoka kiyibodi.

"Dzina la mwini? Malo? Injini ndi ya dizilo kapena ya magetsi?"

Mtima unatsikako pang'ono. Ndinati awa ndiye amadziwa kulira munthu wa chigayo, amakumbukira ndi makina ake omwe.

"Ya dizilo. Mulembe kuti sinavutepo, ankaisamala ngati mwana. Mahamala ndi atsopano, anasintha okha asanagonekedwe kuchipatala ku Namitete."

"Pa chifukwa tilembepo chiyani?"

"Ndakuuzani kale, eni ake amwalira! Kodi mumamva?"

"Nambala yoti anthu aziimba?"

Ndinapereka yanga. Ndinkafuna opepesa aziimbira ine, osati a Sitefano. Ndinalipira, n'kutuluka chifuwa chili patsogolo.

Patatha milungu iwiri, foni inalira.

"Halo, ndi a Dominiko? Ndi za chigayo cha ku Nsaru chija. Chikadalipo kapena chapita kale?"

"Chipite kuti?"

"Si mukugulitsa?"

Ndinakanikiza foni kukhutu.

"Wakuuzani ndani?"

"Aaa achimwene, nkhani ili ponseponse iyi. Ine ndingoti..."

Ndinadula. Basi, a Sitefano ayambapo! Ndipo taonani kuchenjera kwake: apereka nambala yanga, kuti zikadzaphulika dzina lawo lidzakhale loyera ngati ufa wa Khirisimasi!

Tsiku lomwelo anaimba wa ku Nambuma. Mawa lake wa ku Mpingu, kenako wa ku Kabudula wofunsa ngati shela yokonolera chimanga nayo ikupita limodzi. Aliyense ndinkamutukwana asanamalize moni. Chakudya chinasiya kulowa. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kuchigayo kukagwedeza loko ndi kusuzumira pa mng'alu wa chitseko, kuona ngati injini ikadalipo. Lole ikangodutsa pamsewu, ndinkaimirira mpaka itazimiririka.

Chinkandipweteka china n'chakuti foni yopepesa panalibe ngakhale imodzi. Ndinapita ku shopu ya feteleza kukafunsa za nyuzi ija.

"Sinafike," anatero mwini shopu. "A m'tauni ndi olandirira pa foni amaona msanga. Ife kuno timadikira lole ya katundu."

Amayi anandiona.

"Domi, bwanji ukuonda chonchi? Foni imeneyo ikumakuuza chiyani?"

"Amayi, musandifunse. Loweruka muona nokha."

Lowerukalo linali tsiku limene ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakonza kuti tikambirane za katundu wa malemu. Ndiye nzeru inandibwerera, ndipo ndinadzitama nayo. Ndinasiya kutukwana. Aliyense woimba ndinkamuyankha mwaulemu, osamulola kulankhula zambiri: "Bwerani Loweruka teni koloko, mudzaonane ndi wogulitsayo maso ndi maso." Amene ndinawatukwana kale ndinawaimbiranso n'kupepesa. Ndinkafuna mboni zambiri.

Loweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwa chigayo. Amayi pa mphasa atavala zakuda, ankhoswe pa mabenchi, a Sitefano pa mpando ndi jekete lawo labulauni. A katekisiti a ku tchalitchi kwathu anatsegula ndi pemphero. Ine maso anali kumsewu. Nanga akapanda kubwera? Nanga akabwera n'kukana kuulula?

Ameni asanathe, pikapu inaima. Kenako ina. Kenako njinga zamoto zitatu. Pomaliza lole yaikulu, pamwamba pali amuna anayi ndi matcheni ndi masipanala, okonzeka kumasula injini lero lomwe!

Amayi anagwira pamtima. Ine ndinaimirira.

"Akuluakulu, pepani ndalumpha mwambo. Anthu mukuwaonawa abwera kudzagula chigayo cha bambo anga. Pakati pathu pano pali Yudasi, ndipo wavala jekete labulauni!"

"Domi, wapenga iwe?" anakuwa a Sitefano.

"Khalani pansi, bambo aang'ono. Ndili ndi evidence!"

Ndinaloza mwini lole, bambo wina wathupi wa ku Nambuma.

"Bwana, musaope munthu. Nenani pamaso pa a katekisiti. Anakuuzani ndani kuti chigayochi chikugulitsidwa?"

"Palibe anandiuza," anatero bamboyo. "Chili pa tsamba la zogulitsa."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa Lamba ndi Sefa yopindidwa pakati. A katekisiti anailandira, anavala magalasi, n'kuwerenga ndi liwu lija amawerengera kalata yoyamba Lamulungu.

"Chigayo cha dizilo, Nsaru. Mwini wake a Lusiyano. Sichinavutepo. Mahamala atsopano. Chifukwa chogulitsira, eni ake amwalira. Imbirani mwana wawo, a Dominiko."

Onse anatembenukira kwa ine. Koma a katekisiti ndi munthu wachilungamo, safuna kuweruza popanda umboni. Anatulutsa foni yawo n'kuyamba kudina nambala ija, imodziimodzi.

M'thumba mwanga munayamba kuimba nyimbo ya kwaya.

"Koma... koma limenelo ndi tsamba la maliro!" ndinatero, liwu litasanduka la mwana wa mbuzi. "Bambo ankalira nalo! A Gondwe a ku Kasiya atamwalira anatuluka pomwepo!"

Kumbuyo kwa pikapu yoyamba kunatsika mkulu wina waimvi, ndi ndodo yake.

"A Gondwe a ku Kasiya ndine," anatero. "Changa ndinagulitsa dizilo atavuta. Pano ndimati ndiyambirenso. Ndili moyo, mwana wanga."

Woyamba kuphulika anali mmodzi wa amuna a masipanala aja. Kenako ankhoswe. A katekisiti anayesetsa, anabisa nkhope kuseri kwa nyuzi, koma mapewa anawaulula. Ine ndinayang'ana pansi kufunafuna una woti ndilowemo, ngakhale wa mbewa.

A Sitefano okha sanaseke. Anaimirira n'kuyang'ana alendo aja.

"Loko ndinakhoma chifukwa pamaliro pamabweranso akuba malamba! Imvani nonse obwera ndi magalimoto inu. Chigayo ichi ndi thukuta la achimwene anga, ndipo ndi cha alamu angawa ndi ana. Wogulitsa wanu ndi uyu, koma ine ndili moyo sagulitsa ngakhale nati imodzi!"

Ngati anali ndi maganizo ena kale, sindidziwa mpaka lero. Ndinangoona akazi awo akuyang'ana lole ija nthawi yaitali. Koma mawu anali atatuluka pamaso pa ankhoswe, a katekisiti ndi theka la eni zigayo a m'boma lino, ndipo sakanathekanso kumezedwa.

A Gondwe anavula chipewa, anapita pa mphasa n'kugwada pamaso pa amayi. Ananena za bambo, mmene anawabwerekera sefa nthawi ina yawo itang'ambika pakati pa nyengo yokolola. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, mpaka a lole omwe. Opepesa amene ndinkawalirira aja ndinawapeza, kungoti anabwera ndi masipanala.

Amayi anapempha nyuzi ija. Anayang'ana bambo ali mu ovolosi, dzanja pa injini, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Koma atuluka bwino," anatero.

Nkhani inawafika a Jere, sindikudziwa kudzera kwa ndani. Anandiimbira okha, popanda appointment. Anapepesa za maliro, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Mwezi wotsatira bambo anatuluka pa tsamba lachiwiri, ndi mbiri yawo yonse, mtedza womwe. Pano nyuzi zawo zonse zili ndi tsamba la otisiya, ndipo akuti mabutchala ndi amene amalikonda kwambiri. Ine zimene ndinapindula n'zakuti pamsika ndikamadutsa, a kabaza amakuwa kuti "A For Sale, mwadzuka bwanji?"

Koma tibwerere pa mango paja. Alendo atapita, ankhoswe anagamula mosavuta. Chigayo chitsegulidwe Lolemba, ndipo makiyi apite kwa amayi. A Sitefano anawatulutsa m'jekete, koma asanapereke anaima kaye.

"Alamu, ndikupereka, koma lamulo ndi limodzi. Makiyiwa Domi asawagwire. Angagulitse."

"Musade nkhawa, alamu," anayankha amayi anga ondibala, akumanga makiyi pa chitenje. "Ndimamudziwa."

Ukamatchera mbava msampha, uyambe wayang'ana pansi pa nsapato zako ngati si iwe unasiya mapaziwo.