Mahedifoni a ku Joni ndi Odi wa Loweruka

Lolemba

Kalata yafika. Amalume ake a Nambewe akuti abwera naye Loweruka masana kuti tidzakambirane. Masabata asanu tsopano chichokereni mkazi wanga kupita kwawo ku Mwadzama. Masabata asanu ndikudya ndekha, ndikucheza ndi ketulo.

Tsiku lochokalo sanachulutse zonena. Sutikesi ili pamutu, anangoti: “Ndatopa nayo wailesi yanuyi.”

Ndaganiza, ndaganiza, vuto ndalipeza. Phokoso! Ine ndimaweruka ku fakitale ya shuga thu koloko, makutu akulira ndi makina ofinya nzimbe, ndikafika pakhomo ndimatsegula kaseti mpaka malata kunjenjemera. Mkazi aliyense angatope. Ndiye mankhwala ake ndi osavuta: nyimbo zizilowa m'makutu mwanga mokha, nyumba ikhale zii ngati ofesi ya bwana. Loweruka akadzalowa adzadabwa.

Mahedifoni ndili nawo kale, aja a siponji obwera ndi wailesi. Mbali yamanzere inafa chaka cha referendamu, yamanja imalira ngati udzudzu. Munthu wodziwa nyimbo ngati ine sangavale zimenezo pamaso pa ankhoswe.

A Saidi, oyendetsa lole ya shuga, abwera ndi mitundu itatu kuchokera ku Joni. Akuti ndiyese mpaka Lachisanu, ndisankhe umodzi. Atagwira bokosi lalikulu anati: “Wallahi, awa mukavala, ngakhale matalala pa malata simuwamva.”

Zochita sabata ino:
1. Kusankha mahedifoni.
2. Kusesa pabwalo.
3. Kuchapa nsalu ya pakhomo.
4. Kukonza mawu opepesa. Izi zidikire kaye, n'zosavuta.

Lachiwiri

Oyamba. Ang'onoang'ono, asiliva, opepuka ngati tsamba. Ndaika kaseti ya rumba ya ku Zaire. Sakulira moipa, koma besi palibe. Rumba yopanda besi ndi tiyi wopanda shuga, ndipo ine ndimagwira ku shuga.

Choipa china, amadontha. A Mhango, aneba anga a khoma limodzi, agogoda khomalo n'kukuwa: “Ibwezeni imeneyo, yandikoma!” Ngati a Mhango akumva kuseri kwa njerwa, nanga Nambewe ali pampando womwewo? Alephera mayeso. Abwerere m'bokosi.

Folo koloko khamu la pakhonde lafika monga mwa masiku onse: a Mhango ndi anzawo atatu a ku munda wa nzimbe. Mu layini yonse ino wailesi yogwira bwino ndi yanga, ndiye amabwera kudzamvera nkhani ndi mauthenga a maliro. Akatero amayamba zawo za zipani. Chiyambireni matipate aliyense ndi phungu. Wina akuti chipani ichi n'cha akuba, wina akuti icho n'cha afiti, wina wavala malaya a chipani chimodzi ndi chipewa cha china chifukwa zonse anapatsidwa ulere.

Mmodzi wandifunsa: “Mayi sanabwerebe?” Ndisanayankhe n'komwe, akuti: “Takwezani pang'ono, achimwene, akunena za feteleza.”

Anthuwa amabwerera wailesi, osati ine. Ndikudziwa. Koma tiyi ndawapatsa.

Lachitatu

Achiwiri. Ofiira, okhala ndi kagudumu kokwezera besi. Besi ilipo, eee, mpaka mano kuyabwa.

Mavuto ake:
Amapana mutu ngati pulayazi.
Dzuwa la Okutobala lino, mphindi khumi zokha thukuta likuyenderera m'khosi.
Chingwe n'chachifupi. Ndikumvera nditawerama pafupi ndi wailesi ngati mbuzi yomangirira pachikhomo.
Nditavula, makutu atupa. Mayi Mhango andiona ndikutunga madzi pa mpopi n'kufunsa ngati ndamenyedwa.

Alephera nawonso.

Ndachapa nsalu ya pakhomo. Pokokera bedi kuti ndisese ndapeza chipeso cha Nambewe, tsitsi lake lidakali momwemo. Ndakhala nacho pansi nthawi yaitali ndithu. Ndamusowa mkaziyu, zoona, palibe wondiona pano ndiye ndilembe.

Ndayesa kukumbukira zomwe ankandiuza masiku omaliza aja. Ndikumuona ali pampasa akusankha mpunga, milomo ikuyenda, ine ndikuti “eya, eya.” Panali nkhani ya mwendo wa mayi ake. Kapena ya mwendo wake? Panalinso za chipatala. Zandithawa. Nyimbo yomwe inkalira nthawi imeneyo ndiye ndikuikumbukira yonse, ndi pomwe gitala amalowera.

Umenewu ndiye umboni woti phokoso linali lalikulu. Mawa ndiyesa akuluakulu aja.

Lachinayi

Mayo ine!

Akuda, olemera, okhala ndi zikopa zofewa zazikulu ngati mbale za ndiwo. Pulagi yake ndi yonenepa ngati chala, yakana kulowa, ndinatsala pang'ono kulira. Kenako ndapeza kachitsulo kochepetsera pansi pa bokosi. Kwalowa. Ndavala.

Dziko lonse lazima. Nkhuku zii. Mpopi zii. Mathirakitala a nzimbe zii. Kenako gitala.

Kaseti imeneyi ndakhala nayo zaka zisanu ndi chimodzi, koma lero ndi pomwe ndaimva. Ndamva zala zikutsetsereka pa nsambo. Ndamva woimba akukoka mpweya. Kumbuyo kwenikweni kuli munthu wina akutsokomola, zaka zonsezi ali mmenemo ine osadziwa! Misozi yatuluka yokha. Chingwe n'chachitali, chikufika mpaka pampando wa ndalema. Awa ndiwo. Nkhani yatha.

Nditavula, dzuwa lapendeka kale. Pakhonde palibe munthu, pali makoko a mtedza okha. Ndinaiwala kuti ukalowetsa pulagi, sipika imatseka pakamwa.

A Mhango ndawapeza pa mpopi nkhope ili gwaa. “Tinaodira mpaka kukhosi kuuma. Chitseko chotsegula, mapazi anu tikuwaona akuvina, inu chete. Kwathu munthu akapanda kuyankha odi katatu, ndiye kuti wakuthamangitsa.”

Ndawafotokozera mwaulemu kuti wailesi tsopano yasintha kagwiridwe, ikumveka kwa munthu mmodzi. Ndinafuna kuwaveka kuti amve okha munthu wotsokomola uja. Akana. Angoti, “Yewo, bwana,” n'kunyamula ndowa.

Nsanje basi. Adzazolowera.

Lachisanu

A Saidi abwera kudzatenga otsalawo. Mtengo wa akudawa sindilemba, cholembera chingakomoke. Ayang'ana njinga yanga itatsamira pakhoma, ine ndayang'ana mahedifoni. Tagwirana chanza. Njinga yakwera lole.

Palibe vuto. Ku fakitale ndi mphindi makumi anayi okha wapansi, ndipo kuyenda kumalimbitsa thupi. Banja ndi lofunika kuposa njinga.

Folo koloko pakhonde sipanafike munthu. Ndapambana! Bata lomwe ndimafuna lija ndi limeneli. Ndinaphika tiyi wa anthu asanu mwachizolowezi, ndamwa makapu atatu, wotsalayo ndathirira mpiru. Cha kumapeto kwa layini ndikumva kuseka, akuti apeza kawailesi kena kolira ngati chitini. Asangalale nako.

Amayi ogulitsa nsomba akuti anaima pakhomo panga ndi chambo chabwino chomwe ndinawauza Lolemba kuti andisungire cha alendo. Anaodira, anaodira, ine mahedifoni ali kumakutu, anakagulitsa kwina. Ndidzapha nkhuku.

Pabwalo ndasesa mpaka mizere ya tsache kuoneka ngati munda wa bwana. Tsamba ngakhale limodzi palibe.

Mawu opepesa sindinakonze, koma ndaona kuti safunika kwenikweni. Ndidzangowakhazika pansi, n'kutsegula wailesi, n'kuvala mahedifoni pamaso pawo, n'kunena kuti: “Nambewe, ukumva kanthu?” Iye adzati ayi. Amalume adzaomba m'manja.

Loweruka, leveni koloko

Zonse zili m'malo. Nkhuku yapsa, mpunga ndavundikira, malaya oyera ndavala, chipeso chake ndachiika patebulo kuti aone kuti ndinachisunga.

Mtima ukugunda ngati injini ya pampu. Kuchokera ku Mwadzama ayenera kukwera matola mpaka pa boma, kenako kudikira ina yobwera kuno. Sangafike isanakwane fili koloko, ndikudziwa misewu imeneyi.

Ndimvereko mbali imodzi yokha ya kaseti kuti mtima ukhale pansi. Mbali imodzi. Chitseko ndasiya chotsegula, nsalu yokha ndiyo yatchinga. Maso nditseka pang'ono chabe.

Loweruka, madzulo

Wailesi yanga ndi ija yotembenuza yokha kaseti ikafika kumapeto. Ndinkanyadira zimenezi.

Ndavula itadutsa thu koloko. Ndatuluka kukaona msewu. Pabwalo langa losesa bwino lija pali mapazi: nsapato zazikulu zachimuna, ndi patapata yemwe ndikumudziwa, wodyeka chidendene chakumanzere. Pafupi ndi khonde pali chidindo cha makona anayi pa dothi. Sutikesi. Anabwera ndi sutikesi. Sanabwere kudzakambirana chabe, anabwera kudzakhala.

Mayi Mhango ali pakhomo pawo akusenda chinangwa, osandiyang'ana n'komwe. Akuti alendo anapeza lole yobwera kuno mwachindunji, anafika thwelofu koloko. Amalume anavula chipewa, anaodira katatu. Anakhala pakhonde. Anaimiriranso, anaodira katatu kena. Munthu wamkulu ngati uja salowa m'nyumba ya mkamwini asanayankhidwe, ndipo Nambewe sakanalowa amalume ake ali panja.

Ndafunsa kuti nanga inu osandigwedeza bwanji? Akuti: “Ine ndilowe m'nyumba ya mwamuna wa mwini, mkazi wake ali pabwalo? Anandifunsa ngati mulimo. Ndinati alimo, koma chiyambire Lachinayi sayankha odi wa munthu aliyense. Ndinanama?”

Sananame.

Akuti amalume anakwiya, ankati ndawanyoza dala. Nambewe ndiye anapita pawindo n'kusuzumira. Anandiona ndili pa ndalema, malaya oyera, maso otseka, zimbale zakuda kumakutu, ndikumwetulira. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anasenza sutikesi n'kunena kuti: “Si mwano, amalume, sakutimva. Kale ndinkalimbana ndi wailesi, mawu ena ankalowako. Pano agula zotsekera. Tiyeni.”

Ndathamangira kukhoma kuti nditenge njinga. Khoma lokha.

Ndathamanga wapansi msewu wonse wa m'minda ya nzimbe, malaya oyera asanduka ofiira ndi fumbi, anthu odula nzimbe akundikuwiza ngati ndaba. Pa siteji ndapeza amayi ogulitsa nthochi okha. Akuti bambo wachipewa ndi mayi wa sutikesi anadikira galimoto nthawi yaitali, yangonyamuka kumene. “Mukanakhala ndi njinga mukanawapeza.”

Nkhuku ndadya ndekha. Yosakoma.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Layini yonse yamva kale, sindingathe maso awo.

Ndayamba kalata yopita ku Mwadzama kanayi. Yoyamba ndinafotokoza za pulagi ndi sipika, ndang'amba. Yachiwiri ndinadzudzula wailesi yotembenuza yokha, ndang'amba. Yachitatu chimodzimodzi. Yachinayi ili ndi mizere iwiri: “Nambewe, mwendo unali wa ndani? Ndiuzenso, ndimvera.” Imeneyi ndiitumiza mawa. Kaya adzayankha. Ine ndikanakhala iye sindikanayankha.

Mndandanda wa Lolemba uja:
1. Mahedifoni, ndasankha. Abwino kwambiri m'boma lonse la Nkhotakota.
2. Pabwalo, ndinasesa. Lero sindisesa, chidindo cha sutikesi chikhale kaye.
3. Nsalu ya pakhomo, yoyera.
4. Mawu opepesa, ndawapeza tsopano. Wowamva palibe.

Mahedifoni ndawapachika pa msomali pomwe pankakhala mpango wake. Wailesi ndaitulutsa pakhonde, sipika ikulira, nkhani zikuwerengedwa, akunenanso za feteleza. Ndaphika tiyi wa anthu asanu. A Mhango adutsa ndi anzawo aja, andipatsa moni wa dzanja ali chapatali, apitirira kumapeto kwa layini.

Ndazimitsa. Ndakhala pakhonde makutu ali pamtunda. Kodi pamalo pano pamamveka zinthu zambiri chonchi? Mpopi ukudontha. Mwana akulira nyumba yachitatu. Wina akusinja. Njinga ikudutsa, belu lake ngati la yanga ija.

Cha m'ma faifi koloko ndamva mawu achikazi: “Odi!”

Ndadzambatuka, kapu yagwa. “Lowani! Lowani, ndilipo!”

Anali mlendo wa a Mhango, pakhomo la a Mhango. Wandiyang'ana modabwa, mayi Mhango atulutsa mutu, nawonso andiyang'ana.

Ndatola kapu. Sinasweke. Ndakhalanso pansi, ndikumvetsera.