Nthiwatiwa ya a Aroni

Kuno kwa Dzoole aliyense ankawadziwa alamu anga a Aroni, akulu awo a malemu amuna anga, kuti ndi munthu wosesa makola opanda nyama. M'mawa uliwonse ankasesa khola la nthiwatiwa, kenako la ngamila, n'kuthira madzi m'chomwera, chonsecho munalibe ngakhale nthenga imodzi.

Zinayambira ku Sande sukulu kumene ankaphunzitsa. Ana anawafunsa ngati ngamila ndi nthiwatiwa za m'Baibulo zilikodi, iwo n'kusowa chowaonetsa. Anasiya kulima fodya pamunda wawo wa m'mbali mwa phiri, nati amangapo malo oti ana a ku Dowa ndi Ntchisi azidzaonerapo nyama zachilendo.

"Alamu, mwapenga kodi?" ndinawafunsa.

"Ngati ndapenga, ndipenga motsata lamulo, mlamu. Mawa ndikukatenga chilolezo."

Mawa limenelo linatenga zaka. A zanyama zakutchire anati ayambe amanga mpanda wautali kuposa munthu. Anamanga. Dokotala wa ziweto anati pakhalenso khola lopatulira nyama yodwala. Anamanga. A kukhonsolo anati alendo adzafuna zimbudzi, ndipo anakumba zokongola kuposa za kutchalitchi kwathu. Pomaliza zimbudzizo, chiswe chinali chitadya mpanda. Pomaliza kukonza mpanda, kalata ya dokotala inali itatha ntchito. Iwo ankangovala jekete yawo ya pa Mgonero n'kukayambiranso.

Koma kuonetsa alendo sanadikire. Ukangodutsa, ankakukokera kumakola.

"Imani patali, mlamu, imaponda imeneyo."

"Nanga ili kuti?"

"Ikubwera. Muzolowereretu."

Tsiku lina akazi awo, a Rakele, anayanika zovala pampanda wa ngamila. A Aroni anazianula mofatsa. "Mayi, imadya nsalu."

"Ikadzafika idzayambe ndi jekete yanuyo," anatero a Rakele.

Chaka china kunabwera munthu ndi kamwana ka nthiwatiwa m'dengu, kolowa m'dziko mozemba. Ine ndinalipo. A Aroni anagwada n'kumakasisita khosi nthawi yaitali.

"Tengani, madala," anatero munthuyo. "Adzakwera mapiri ano ndani kudzafunsa mapepala?"

"Adzafunsa ana aja kuti inabwera bwanji. Ndidzawayankha chiyani?"

Anavundikira dengulo n'kulibweza. Nthiwatiwa imene anaiona m'moyo wawo wonse ndi yomweyo.

Anayamba kudwala dzinja lili pakati, zonse zitakwanira, atangouzidwa kuti oyendera a boma abwera kudzaona komaliza msewu ukauma. Kuchipatala ku Madisi mafunso awo anali awiri okha.

"Msewu wauma?"

"Sunaume, alamu."

"Nanga madzi mwathira?"

Sindikanatha kunamiza munthu wodwala, choncho ndinayamba kumathiradi.

Msewu unauma. Galimoto ya oyendera inafika ife tikuchokera kumanda. Anali abambo awiri, ndipo atamva zimene zachitika anavula zipewa n'kukhala pansi mwamanyazi. A Rakele anadzuka pamphasa.

"Mwabwera kudzayeza mpanda. Kayezeni."

"Mayi, lero si tsiku lake."

"Iwo adikira mokwanira. Kayezeni."

Tinawatsatira tonse, ife amayi a Chigwirizano tili mu yunifolomu, abusa ali pambuyo. Anayeza mpanda, anagwedeza zitseko, analowa m'khola lopatulira, mpaka anasuzumira m'zimbudzi. Pomaliza wamkulu wa awiriwo ananena motsitsa mawu: "Zonse zili bwino. Akanalandira chilolezo."

"Kwezani mawu, bambo," anatero a Rakele. "Makutu awo anali ovuta."

Bamboyo anatembenukira kumanda n'kubwereza mokweza. Tinaseka, ndipo sindikudziwa pamene kusekako kunasandukira maliro.

Anatiuza kuti womwalira sapatsidwa chilolezo. Ana awo ali kutauni, alibe nazo chidwi. Makolawo amera udzu, chiswe chabwereranso, ndipo munthu umadutsa pamenepo popanda wokukoka dzanja. Ine ndimathirabe madzi m'chomwera chija ndikamachokera kuchitsime. Amamwa ndi njiwa. Ndikathira, ndimaima patali pang'ono, monga anandiphunzitsira.