Tsiku Limene Ndinawamba Laputopu ya Mkamwini

Iwe Ganizani, seka ndithu mano onse aoneke, koma bawoyo uyambe waisiya. Amene akuti ine Kachingwe sindinapangepo nyimbo pakompyuta aimirire pano pa Troyeville, anene ndikumva. Palibe? Shapu. Ndiye tcherani khutu, ndipo ndikanama mphenzi ya kuno ku Joni, ija yosafunsa pasipoti, indipeze pampando pomwe pano.

Mwana wanga Tiyamike, mmodzi yekhayo amene ndinali naye kuno, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Chipata dzina lake Lackson. Tinkakhala nyumba imodzi kuseri kwa msewu uwu, iwo chipinda chachikulu, ine kachipinda kakukhonde. Tiyamike ankakolopa maofesi ku Sandton ali woyembekezera, pamene mkamwini wangayo ntchito yake inali kuvala mahedifoni n'kumagwedeza mutu ngati gulo. Ankapanga nyimbo zija amati dramu ndi besi, zothamanga ngati mwini wake waona vani ya apolisi. Ng'oma zake sizinali zachikopa ayi. Pasikirini pamakhala timabokosi tondandalika m'mizere, mzere wa ng'oma yaikulu imene amati kiki, mzere wa ina yolira kuti tswa! imene amati sineya, ndi wa tizitsulo ta tsi-tsi-tsi, ndiye ukadina kabokosi ng'oma imalira pamenepo, ukadinanso yakhala chete. Pakona pali nambala ya liwiro. Kuimba ng'oma kwake kunali komweko, chala chimodzi, thukuta osatuluka.

Chaka chimenecho anyamata ena a ku Newtown anamuuza kuti abweretse nyimbo Loweruka, akaikonda azikaimba kumeneko sabata iliyonse. Lackson anali ataneneratu kuti zikakanika ulendo uno basi, akunyamula mkazi wake wa ku Lusaka, kukagulitsa misomali muhadiweya ya amalume ake. Mukumva? Lusaka! Ine nditsale ndi yani? Mdzukulu wanga akabadwire kutali ngati alibe agogo? Zinandiwawa zedi, sindibisa.

Lachisanu masana, mwezi wa Juni, chisanu chija cholowa mpaka m'mano, ndinamupeza atagwira mutu.

"Eish, apongozi, ng'oma izi zafa. Sizikumenya, zikungoti fwa, fwa."

Anavula mahedifoni napita ku Bertrams kukafunsa nzeru kwa mnzake. Kwa mnzake! M'nyumba muli ine, amene ndinaimba ng'oma ya mbalule ku Dedza mpaka gule anagwada kupempha madzi, ine amene maliro a m'mudzi wina ankachedwetsedwa podikira manja angawa! Ndikufunseni inu nonse, ngakhale iwe Ganizani wosadziwa kanthuwe: ng'oma ikalefuka ndi chisanu umaitani? Umaiwamba pamoto! Kwathu ngakhale mbuzi imadziwa zimenezo.

Ndinayamba ndi timabokosi. Ndinapeza tambiri tili mbee, topanda kanthu, mwanayu akuti ndi mpata woti nyimbo ipumire. Ulesi! Ndinadina tonse, kiki pamwamba pa kiki, sineya pakati pa sineya, tina ndinadina ndi zala zonse, tina ndi chigongono, mpaka mbalule wa ku Dedza analowa yense mulaputopu muja osatsala mchira. Kenako phula. Ng'oma yopanda phula pakati ilibe mawu, koma phula ungalipeze kuti ku Joni? Ndinatafuna chingamu n'kumata pakati pa sipika iliyonse. Ndiye ndinakoka mbaula yamakala kuchokera kukhonde, ndinanyamula laputopu ija ndi manja awiri mwaulemu, n'kuiyandikiza kumoto, ndikuitembenuza pang'onopang'ono, ndikuigogoda ndi chala kuti ndimve ngati yakungika.

Abale inu! Itangomva kutentha, nambala ya pakona ija inayamba kukwera yokha, kukwera, kukwera mpaka inatuluka pasikirini n'kukalembeka pakhoma, sineya anapitirira kiki, kiki anakwiya n'kudzipitirira yekha, tizitsulo tija tinalira mofulumira mpaka agalu okha ndi amene ankatimva, ndipo nyimbo inafika kumapeto isanayambe, n'kubwerera kudzadikira chiyambi chake pakhomo. Mukumva? Mawindo a Troyeville yense anayamba kuvina, matakisi a mumsewu waukulu anaoneka ngati akuyenda chobwerera m'mbuyo, madalaivala kwa nthawi yoyamba chibadwire anasiya kuliza hutala chifukwa cha manyazi, nsanja yaitali ya ku Hillbrow inathyola chiuno ngati mayi wa chimtali, milu ya mchenga wa kumigodi inadzikutumula fumbi lonse n'kuyera, ndipo pansi pa nthaka, m'maenje akale aja, madala athu amene anatsalira komweko anayankha ndi mafosholo, akukuwa m'Chifanakalo, chiyankhulo cha kumigodi chija, kuti ndiwonjezere moto!

Ndinawonjezera makala. Ku Orange Farm, kutali konse kuja, malata anavina mpaka nyumba zinasinthana madenga, ndipo mpaka lero kuli anthu amene akugona pansi pa denga la neba. Ku Sandton maluwa amene ndinabzala ndili gadiniboyi anaphuka pakati pa chisanu, abwana anathira tiyi m'nsapato, ndipo Tiyamike mwiniwake anandiuza kuti mopu inamuthawa m'manja n'kukolopa yokha nyumba yosanja yonse. Chabwino, sananene ndi pakamwa, koma ndinaona m'maso mwake. Magetsi aja ankathimathima zaka zimene zija, inu mumati chinali chiyani? Ng'oma zanga zinamwa magetsi a dziko lonse tsiku limodzi, ndipo mpaka pano sanabwerere mwakale.

Lackson anafika utsi uli tolo m'nyumba. Laputopu inali itapindika pakati, mabatani atagwirana onse, kafungo ka pulasitiki kali guu.

"Apongozi, mwatani?"

"Ndawamba, mwana wanga. Tsopano zakungika."

Anakhala pansi, pasimenti pozizira paja, misozi chuchuchu. Chimwemwe chimenecho! Munthu ukamva ng'oma yeniyeni koyamba umatero. Tiyamike atabwera kuntchito anayang'ana laputopu, anayang'ana mbaula, anandiyang'ana ine, n'kungoti, "Ababa." Mawu ena onse anamuthera chifukwa cha kunyadira.

Ukuti nyimboyo ili kuti, Ganizani? Funso la munthu wosavinidwa! Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, sunamve? Laputopu sinayakenso, ee, ili kunsi kwa bedi langa, ukafuna ubwere udzainunkhize. Koma nyimbo inali itatuluka kale. Pa liwiro limene lija ikanaima bwanji pa Newtown, pafupi chonchi? Inapitirira, inawoloka malire opanda chidindo, inakafika ku Lusaka. Ndiye mwezi usanathe ana aja anakwera basi kuilondola. Anthu ansanje amati anathawa ine. Bodza! Lackson sayankha foni yanga chifukwa cha ulemu, mkamwini woleredwa bwino sachezacheza ndi apongozi.

Mdzukulu anabadwira komweko, wamkazi. Sindinamunyamulepo. Ndimamuona pafoni, Tiyamike akatumiza kavidiyo, akumenya chidebe ndi timanja tiwiri mofulumira, mbalule weniweni, ndipo ndimamusowa mwana ameneyo mpaka chakudya chimandikanika.

Mumandifunsa kawirikawiri kuti madala, mwakalamba, bwanji osabwerera ku Dedza? Ndichoke ndipite kuti? Dziko ndi lozungulira, anatero a sukulu. Nyimbo yothamanga chonchija siima, ikuzungulira, ndipo tsiku lina idzatulukira pakona paja, iwo ali pambuyo pake ndi zikwama, kamtsikana kali patsogolo. Ayenera kudzandipeza pompano. Seka, Ganizani. Ine ndikuimva kale ikubwera.