A Maperesenti ndi Foni ya pa Mlatho

Malemu alamu anga a Maperesenti sankayankha moni ngati anthu ena. Ukati, "Mwadzuka bwanji alamu?" iwo ankati, "Sevente-thuu." Sankanena za thupi lawo ayi, ankanena moto wotsala mu foni ya pa mlatho.

Foniyo anaisiya ndi mainjiniya a zamadzi. Anailumikiza ku kachipangizo koyeza mtsinje, kuti madzi akakwera izitumiza uthenga kwa ife okhala kumunsi tisanakokoloke. Magetsi kulibe kumeneko, kunali kasola kamodzi ndi batire ya njinga yamoto. Alamu, amene anaikidwa kuti aziiyang'anira, anangouzidwa mawu amodzi: "Isazime." Basi, munthu anapenga nawo mawuwo.

Mainjiniya anaitsekera m'bokosi lachitsulo. Alamu atakhudza bokosilo masana anati, "Awa akufuna kundiwotchera mwana." Anaiika mumtsuko, pansi mchenga wonyowa, pamwamba ambulera ya mkazi wawo, mlongo wanga. Ikafika eyite peresenti ankazula chingwe.

"Bwanji osaidzaza?" ndinafunsa.

"Inu mumadya mpaka pakhosi, taonani mimbayo. Batire nayo imatupa choncho."

Sola ankapukuta ndi malaya awo a ukwati. Mlongo wanga anayamba kuitchula foniyo kuti mkazi mnzake. "Ine ndikatentha thupi amati ndimwe madzi. Uyo akatentha amamukupiza ndi chipewa."

Injiniya wamkulu ataona mtsukowo anaseka mpaka kugwira mawondo. Chaka chitatha anabweranso atazizira: mafoni a m'milatho ina onse anali atatupa ngati achule. Anajambula mtsuko uja mbali zonse, osasekanso.

Ndiye kunagwa mvula ya masiku naini, dzuwa osasuzumira n'komwe. Tsiku lachisanu ndi chiwiri moni unali "Leveni." Mawa lake "Foro," nkhope ngati ya pamaliro. Alamu anakweza njinga yawo pa njerwa pansi pa lona, kulumikiza dayinamo ku batire, n'kuima pamsewu kugwira aliyense wodutsa. Telala anapalasa. Wogulitsa makala anapalasa. Ine ndinati ndili ndi nyamakazi.

"Nyamakazi yanuyo imadziwa kusambira?"

Ndinakwera. Ulendo wautali chotero sindinayendepo, thukuta kamukamu, koma osasuntha ngakhale phazi limodzi. Mlongo wanga ndiye anapalasa kuposa tonse, uku akumulalatira mkazi mnzakeyo.

Tsiku lachinaini, cha m'ma thiri koloko masana, foni ili pa sikisi, mtsinje unakwera ndipo uthenga unapita. Tinathamangitsira ana, mbuzi ndi nkhalamba zinzanga kumtunda. Madzi anatenga makola ndi zimbudzi, koma munthu ngakhale mmodzi ayi. Alamu anayenda mwezi wathunthu chifuwa patsogolo ngati tambala, akuuza ndi osafunsa omwe: "Sikisi yokha, abale anga. Tangoganizani ikanakhala eyite."

Atadwala chaka chatha ndinapita kukawaona.

"Muli bwanji alamu?"

"Thuu peresenti, ndipo dzuwa kulibe."

"Ndibweretse njinga?"

"Ndi nyamakazi yanu ija? Ingokhalani pansi apa."

Ndinakhala. Alamu sanafike Lamulungu.

Masiku ano moni wa pa mlatho ndi wa "tili bwino, kaya inu," wosakoma ngati madzi ofunda. Koma m'mawa uliwonse mlongo wanga amapita kumeneko ndi malaya a ukwati aja kukapukuta sola. Dzulo ndinamupeza atawerama pa mtsuko.

"Wadzuka bwanji, mlongo?"

Sanatembenuke. "Eyite," anatero, n'kuzula chingwe.